Zoyenera ndi zosayenera pofuna kugwetsa seneta: nkhani ya ku Colorado

Pa 10 Seputembala 2013, anthu a ku Colorado ku America anavota kuchotsa pampando maseneta awiri a m'nyumba ya malamulo ya dera lawolo, John Morse ndi Angela Giron, nthawi yawo isanathe. Mlandu wawo unali kuvomereza malamulo okhwimitsa za mfuti: magazini asapitirire zipolopolo 15, ndipo wogula mfuti ayambe wafufuzidwa mbiri yake.

Zoyenera: Pitani kwa anthu a chipani cha amene mukufuna kumugwetsayo. Pueblo, kwawo kwa Giron, ndi mzinda wa antchito a m'fakitale ya zitsulo ndipo panthawiyo ambiri ankavotera chipani chake cha Democrat. Koma ambiri omwewo anali ndi mfuti m'nyumba, ena anali alenje. Victor Head, pulambala wa mumzindamo, ndi anzake anaima m'mphepete mwa misewu ndi mapepala osainitsa, kucheza ndi aliyense woima. Giron anagonja: mavoti pafupifupi 56 pa 100 alionse anali omuchotsa.

Zosayenera: Kuthera mphamvu kwa okuomberani m'manja kale.

Zoyenera: Lankhulani za kusamvera. Dandaulo loti seneta sanamve anthu ake linakhudza ngakhale osasamala za mfuti.

Zosayenera: Kupeputsa maliro. Malamulowo anabwera anthu 12 ataphedwa m'nyumba yoonetsera mafilimu ku Aurora mu 2012. Mayi amene mukumugogodera pakhomo mwina akulirabe mwana wake. Mumvetsereni mpaka amalize, ndipo mfuti yanu isiyeni kunyumba. Munthu amene waopsezedwa sasintha maganizo, amangotseka chitseko, ndipo ine sindingamuimbe mlandu.

Zoyenera: Dziwani lamulo. Ku Colorado, kuti pakhale voti yochotsa seneta, pamafunika masiginecha okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti a chisankho chapitacho cha mpandowo.

Zosayenera: Kusainitsa mwachisawawa. A mbali inayo adzapita nazo kukhoti, monga anachitira mu 2013.

Zoyenera: Tsatirani wovota aliyense mpaka tsiku lovota. Morse anagwa ndi mavoti osakwana 400.

Zosayenera: Kuchita mantha ndi ndalama za mbali inayo. Mponda matiki Michael Bloomberg anapereka madola 350,000 kuteteza maseneta awiriwo, koma sizinawapulumutse. Musanamizirenso kuti inu mulibe okuthandizani akunja, pakuti bungwe la NRA, loteteza ufulu wokhala ndi mfuti, nalo linathira ndalama zambiri.

Zosayenera koposa: Kupasula misasa mutangopambana. Mu Novembala 2014 mipando yonse iwiri inabwerera kwa a Democrat, Michael Merrifield ndi Leroy Garcia, ndipo malamulo aja sanachotsedwe.