Phunziro: Tisanalowe m'nyumba ya lendi

Amayi anzanga, ambiri a ife amene tikukhala m'matauni ang'onoang'ono monga pa Ntchisi, pa Malosa kapena pa Dwangwa tili m'nyumba za lendi. Enafe tinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi kapena ya kuchipatala, ena tinatsatira abambo atawasamutsa. Mwezi uno tikambirane za pangano la pakati pa ife ndi eni nyumba.

Pamalo aang'ono anthu timadziwana. Eni nyumba tikumana nawo pamsika, pachigayo ndi pamaliro, choncho timachita manyazi kupempha kuti zimene tagwirizana zilembedwe, poopa kuoneka ngati sitikuwakhulupirira. Komatu mikangano yambiri ya lendi imayambira pomwepa. Pakatha chaka, wina akumbukira zina, mnzakenso zina, ndipo akapita kwa nyakwawa palibe woti achitire umboni.

Kope la ana asukulu ndi lokwanira. Lembanimo ndalama za pamwezi, tsiku lolipira, ndi ndalama zimene mwaperekeratu polowa. Lembaninso kuti eni nyumba akafuna kukweza lendi kapena kukutulutsani, adzakuuzani kudakali miyezi ingati. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera. Nthawi ngati imeneyo eni nyumba nawonso amapanikizika, ndipo banja lopanda pangano likhoza kungouzidwa madzulo kuti mwezi wamawa lendi yakwera. Onse awiri musayine pamaso pa mboni, ndipo mwezi uliwonse wolandira ndalama azisayinira. Ngati mwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koperani uthengawo m'kope, pakuti foni imatayika.

Za kukonza nyumba nazonso musazisiye. Mukagula lata kapena loko ndi ndalama zanu, kodi zidzachotsedwa pa lendi? Funsani musanagule. Ngati mabanja atatu ali pa mita imodzi ya magetsi, gwirizanani kagulidwe ka mayunitsi, chifukwa wa mababu awiri sangalipire mofanana ndi wophikira magetsi. Pa madzi a mpopi, onani bilu yomaliza kuti musasenze ngongole ya amene anatuluka.

Nyumba ya m'chilimwe imanamiza. Yang'anani zipsera za madzi pakhoma, ming'alu ndi chiswe m'mitengo ya denga, kenaka mufunse oyandikana nawo mmene pamakhalira mu January. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera, makamaka za zidina. Pitaninso kuchimbudzi mukaone nokha ngati chili pafupi kudzaza ndiponso mabanja angati akugwiritsa ntchito. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023 tikudziwa chifukwa chake.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Kawirikawiri abambo ndiwo amapangana ndi eni nyumba, mayi osadziwa ngakhale mtengo wake. Abambo akasamutsidwa mwadzidzidzi, kapena akatisiya, mayi amangomva kuti pali ngongole ya miyezi inayi ndipo alibe poyankhira. Dzina lanu lilembedwe m'pangano pamodzi ndi la abambo, ndipo muzidziwa pamene kopelo likusungidwa.

Pakati pathu palinso amayi amene ali ndi nyumba zochititsa lendi. Pokambirana m'gulu, iwo ayambe kufotokoza zimene zimawavuta kwa anthu okhala m'nyumba zawo, kenaka a lendi anene zawo.