Mfutso ndi Kabichi wa Amalinyero

M'nkhani ino ndikuyerekeza chakudya cha amalinyero a ku Ulaya ndi mfutso wa kwathu kwa Kasakula, m'boma la Ntchisi. Mu 1768, James Cook adanyamuka ku England ndi migolo ya sauerkraut, kabichi woduladula wosasitsidwa ndi mchere. Kabichi wotere amasunga vitamini C. Vitaminiyu akasowa m'thupi, munthu amadwala scurvy: nkhama zimatupa ndi kuchucha magazi, mano amagwedera, zilonda sizipola.

Dzina loti mfutso lidachokera ku mneni kufutsa. Amayi amawiritsa pang'ono nkhwani, khwanya kapena chitambe, n'kuyanika padzuwa, kenaka n'kumanga m'chikwatu cha masamba a msuku. Ndiwozi zimatipulumutsa mu Seputembala ndi Okutobala, masamba aawisi akasowa. Komabe kuwiritsa ndi kuyanika kumawononga vitamini C wambiri. Pamenepa kusasitsa kumaposa kufutsa.

Choncho banja losunga zikwatu lisungenso malambe, monga aja ochokera ku Salima, poti ufa wake uli ndi vitamini C wochuluka. Ufawo ausungunule m'madzi ozizira kapena authire m'phala litapola, osati likubwadamuka pamoto.