Vayolini ya agogo: kodi ndi Stradivarius?

Funso: Agogo anga anandisiyira vayolini yakale ndi mauta awiri. M'kati mwake muli kapepala kolembedwa kuti Antonius Stradivarius, Cremona. Kodi ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe?

Yankho: Musathamange magazi. Antonio Stradivari wa ku Italy anamwalira mu 1737, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mafakitale a ku Markneukirchen ku Germany ndi ku Mirecourt ku France ankamata dzina lake m'mavayolini zikwizikwi, posonyeza kuti atengera kapangidwe kake. Ngati kapepalako kakunenanso kuti Made in Germany, nkhani yathera pomwepo. Komabe vayoliniyo ingathe kulira bwino.

Musachotse zingwe zonse zinayi nthawi imodzi, chifukwa kamtengo koima m'kati, kochirikiza thabwa lapamwamba, sikanamatidwe ndipo kangagwe. Pong'aluka musathirepo supagulu. Amisiri amamata ndi guluu wa zikopa, womatuka akafuna kukonzanso.

Mautawo musawapeputse. Ubweya wake ndi wa mchira wa hatchi ndipo umasinthidwa ukatha, koma ndodoyo ikakhala ya mtengo wa pernambuco wa ku Brazil, nthawi zina imaposa vayolini ya fakitale pa mtengo. Mukatha kuimba muzimasula ubweyawo, ndi kupukuta pathabwa fumbi la utomoni wopaka pa ubweyawo.