Msana ukamapweteka mpaka ululu kutsikira kumwendo

Ngati mumagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Loughborough, kapena yonyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu za ku Castle Donington, msana mwina unayamba kale kukuvutitsani. Nthawi zambiri chimene chavulala ndi minofu ya m'chiuno, chifukwa cha kuwerama, kunyamula mopotoka thupi, kapena kukhala pampando maola ambiri. Ululu wotere umachepa wokha pakapita milungu ingapo, ndipo n'chifukwa chake dokotala sathamangira kukujambulani. Bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo kwa madokotala a NHS, linanena mu 2016 kuti kujambula msana kusamachitike mwachisawawa. Musaganize kuti akunyozani.

Sciatica ndi nkhani ina. Pakati pa mafupa a msana pali timitsamiro tofewa. Kamodzi kakafufuma n'kupanikiza mtsempha waukulu wotsikira kumwendo, mumamva ululu wobaya kapena wotentha kuchokera m'thako, kudutsa kuseri kwa ntchafu, nthawi zina mpaka kuphazi, kawirikawiri mwendo umodzi. Pamakhalanso dzanzi, ndipo mukatsokomola kapena kuyetsemula ululu umakula. Ambiri amapeza bwino pakati pa milungu 4 ndi 6.

Kugona tsiku lonse kumaumitsa msana. Yendaniyendani pang'onopang'ono ngakhale mukumva kuwawa, thowani ndi nsalu yofunda, ndipo funsani kwa GP wanu ngati mungaonane ndi physiotherapist.

Pa mankhwala m'pamene ndimaona ambiri akulakwitsa. Panado payekha sathandiza kwenikweni pa msana. Amene amathandiza ndi ibuprofen, uja kwathu timamuti Brufen, yemwe anatulukiridwa pafupi pompano ku Nottingham, ndi Stewart Adams ndi anzake a kampani ya Boots mu 1961. Wamkulu amamwa 400mg, osapitirira katatu pa tsiku, atadya kaye, kwa masiku ochepa okha. Koma si wa aliyense. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, mphumu, BP, ngati ndinu woyembekezera, kapena mumamwa warfarin, funsani kaye. Amene mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir mutiuzenso, chifukwa onse awiri amalemetsa impso. Mu pharmacy muli kachipinda kokambirana, simukuyenera kunenera pamzere.

Ndikudziwa kuti m'masutikesi ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre mumabwera Indocid ndi diclofenac, otumizidwa ndi achibale mwachikondi. Amenewa ndi a banja limodzi ndi Brufen. Kuwaphatikiza sikuchepetsa ululu kawiri, kumangoboola m'mimba ndi kuwononga impso. Mapiritsi a diclofenac analeka kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala muno mu UK mu 2015, chifukwa cha chiopsezo pa mtima. Co-codamol wogula nokha musapitirire naye masiku 3, amazolowereka, ndipo muli kale paracetamol, choncho musaonjezere Panado. Gabapentin kapena pregabalin wa mnzanu wa kuntchito musalandire. Kuyambira 2020 NICE imati asaperekedwe pa sciatica.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche. Mukamva dzanzi kumaliseche, kumalo ochitira chimbudzi kapena pakati pa ntchafu, mkodzo ukamakanika kutuluka kapena ukamangotuluka osaumva, chimbudzi chikamakupulumukani, kapena ululu ndi kufooka zikagwira miyendo yonse iwiri, imbani 999 kapena pitani ku A&E, ku Leicester Royal Infirmary kapena ku Queen's Medical Centre ku Nottingham. Zikhoza kutanthauza kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana yapanikizika, matenda otchedwa cauda equina, ndipo kuchedwa kungasiye munthu wolumala moyo wake wonse. Zinthu izi timachita nazo manyazi, makamaka pouza dokotala wamng'ono ngati mwana wathu, koma zinenedwe mmene zilili. Chipatala cha Loughborough chili ndi malo othandizira zamwadzidzidzi zing'onozing'ono, osati izi. Mukakayika, imbani 111.

China chimene ife obadwira kumudzi tiyenera kukumbukira ndi chifuwa chachikulu. TB imatha kugona m'thupi zaka zambiri n'kudzadzukira m'mafupa a msana, munthu osatsokomola n'komwe. Msana ukamawawa kwambiri usiku, mukamaonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta pogona, muuzeni GP kuti munakulira ku Malawi ndipo mufunse za TB. Chimodzimodzi ngati munadwalapo khansa. Mayi kapena bambo kumudzi akamadandaula zofananazi pa WhatsApp, ndalama ya mapiritsi ija atumizireni ikhale yoyendera kupita kuchipatala cha boma, komwe TB amayeza ndi kuchiza kwaulere.

Za kuntchito: masiku 7 oyamba mumadzilembera nokha kuti mukudwala, kupitirira apo pamafunika fit note. Pa kalatayo akhoza kulemba kuti mubwerere koma musamanyamule zolemera kwa kanthawi, ndipo mukakambirane ndi abwana anu.