Sikopu ya mfuti ya mpweya imafuna ziro ngati sikelo

Aliyense wogulitsa nyemba kapena mtedza amadziwa kuti sikelo imayamba yaikidwa pa ziro isanayeze katundu. Ikapanda kutero, wina alira, kaya wogula kaya mwini malonda. Galasi loonera patali limene limamangidwa pamwamba pa mfuti ya mpweya, lomwe ambiri amati sikopu, nalonso limafuna ziro yake. Phunziro la sabata ino ndi la inu amene mumasunga matumba a chimanga ndipo makoswe akukuthetsani nzeru, komanso inu ogulitsa mfutizi m'mashopu.

Kuika sikopu pa ziro ndi kuikonza kuti pamene paloza kamtanda ka m'galasi pakhalenso pamene chipolopolo chikugwera, pa mtunda umene mwasankha. Sikopu yongomangidwa kumene siikhala yolunjika. Mukayamba nayo ntchito choncho, chitini cha zipolopolo chitha khoswe akudyabe phindu lanu.

Musanawombe, onani timabawuti tonse, togwira thabwa la mfuti ndi togwira sikopu. Kamodzi kakakhala kokhwepa, zonse mukonzezo zipita pachabe. Mfuti ya sipuling'i imagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo ikamawomba, ndipo kugwedezeka kumeneku kumaononga sikopu imene sinapangidwire mfuti zamtunduwu. Pogula, werengani pabokosi ngati alembapo kuti ndi ya mfuti ya mpweya.

Sankhani malo opanda anthu, ziweto kapena njira kuseri kwake. Imikani katoni yaikulu, jambulani kadontho pakati, ndipo kumbuyo kwake sanjani matumba a mchenga. Musawombere pakhoma la njerwa, pamwala kapena pachitsulo, chifukwa chipolopolo chimanjanja n'kubwerera. Dikirani nthawi yopanda mphepo, makamaka m'mamawa.

Yambirani pa mamita 10. Khalani pansi, ikani dzanja pa thumba la mchenga, mfuti igone padzanjapo. Ya sipuling'i musaitsamiritse pathabwa louma ndipo musaifinye. Igwireni mopepuka, mofanana nthawi zonse. Lozani kadontho kaja n'kuwomba kasanu osakhudza sikopu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amawomba kamodzi, n'kupotokola, kuwombanso, n'kupotokolanso, mpaka dzuwa kulowa. Chipolopolo chimodzi sichikuuzani zoona, chifukwa mwina dzanja linanjenjemera. Yang'anani mabowo asanu aja, pezani pakati pawo, ndipo yezani ndi rula kuchoka pamenepo kufika pa kadontho. Ngati mabowo amwazikana katoni yonse, vuto si sikopu. Bwererani ku timabawuti, kagwiridwe kanu kapena mtundu wa zipolopolo.

Sikopu ili ndi tizitsulo tiwiri topotokola. Kapamwamba kamakweza kapena kutsitsa pamene chipolopolo chikugwera, kapambali kamapititsa kumanja kapena kumanzere. Pa masikopu ambiri, muvi wolembedwa UP kapena R umasonyeza kumene mabowo asunthire. Ngati agwera pansi pa kadontho, potokolani kulowera ku UP.

Kachitsuloka kamalira pang'ono mukamapotokola, ndipo kulira kulikonse kuli ndi muyeso wake. Pa sikopu yolembedwa 1/4 MOA, kulira kumodzi kumasuntha bowo pafupifupi mamilimita 7 pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 20 kumasuntha pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo pa mamita 10 sikukwana ndi milimita yomwe. Choncho ngati pa mamita 20 mabowo ali masentimita awiri kumanzere, potokolani kulowera ku R mpaka kalire ka 14. Konzani mbali imodzi kaye, wombani kasanu, kenako konzani inayo.

Mabowo akayandikira kadontho pa mamita 10, sunthani katoni ifike pa mtunda umene mudzagwirirepo ntchito, monga mamita 20, ndipo malizirani pamenepo. Kumbukirani kuti sikopu imakhala pamwamba pa mpope wa mfuti, ndiye chinthu chikakhala pafupi kwambiri chipolopolo chimagwera pansi pa kamtanda. Yesani pa mamita 5 ndi 10 kuti mudziwiretu kusiyana kwake.

Ziro imeneyi ndi ya zipolopolo zomwe mwayesera zokhazo. Kaya mfuti yanu ndi ya 4.5mm kapena 5.5mm, mukasintha mtundu kapena kulemera kwa zipolopolo, yesaninso. Chitaninso chimodzimodzi mfuti ikagwa kapena ikayenda ulendo wa mabampu. Musawombe ya sipuling'i mulibe chipolopolo, imaonongeka m'kati.

Zipolopolo zambiri ndi za mtovu, womwe ndi poizoni. Musawombere khoswe ali pathumba la chakudya chogulitsa, ndipo sambani m'manja musanagwire ufa kapena nyemba. Mfuti ya mpweya imaphulitsa diso ndipo ingathe kupha munthu, choncho isungeni mopanda chipolopolo, pokhoma, kutali ndi ana. Za chilolezo chokhala nayo kapena kuigulitsa, kafunseni ku polisi ya kwanuko musanalipire ndalama.

Kwa inu ogulitsa, mufotokozereni wogula zonsezi asanatuluke m'shopu. Wogula amene sanauzidwe za ziro amabwerako patatha masiku awiri, ali wokwiya, akuti munam'gulitsa mfuti yokhota ndipo mum'bwezere ndalama zake.