Za Kusunga Mphete ndi Makoza

Tamva amai ambiri alikudandaula kuti mphete ya ukwati yada, kapena yasiya banga lobiriwira pacala, caka cisanathe. Ena anenera amuna ao kuti anawagulira yonyenga, ndipo mlandu ubuka m'nyumba popanda wocimwa.

Tiyambe tayang'ana m'kati mwa mpheteyo. Mukapezamo 375, ndiko kunena kuti mwa magawo 1,000 golidi ali magawo 375 okha, ndi otsalawo ndiwo mkuwa, siliva ndi zina. Mukapeza 750, golidi acuruka. 925 ndico cizindikiro ca siliva. Golidi payekha sacita dzimbiri, koma zosanganizidwa nayezo ndizo zigwidwa ndi thukuta, mcere ndi mankhwala.

Mdani woposa onse ndiye mankhwala oyeretsera nsaru, onga Jik, pakuti adya mkuwa ndi siliva za m'mphete pang'ono pang'ono, mwini wace osaona kanthu, kufikira tsiku lina mphete ing'aluka. Mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mekyule, amene atuwitsa golidi; ndipo cimene atero pa golidi, tiganize cimene acita m'thupi. Siliva adetsedwa ngakhale ndi dzira ndi anyezi, cifukwa ca sulfure ali m'menemo.

Tidziwa kuti alipo ena oopa kubvula mphete, ati ukwati ungapasuke. Iai, mphete si cithumwa; pangano silicoka ndi iyo. Cotero ibvuleni pocapa, potsuka mbale, makamaka posamba kunyanja kapena kudambo, pakuti madzi ozizira acepetsa cala, sopo naitereretsa, nimira m'matope. Musaiike pamwala wocapira. Isiyeni kunyumba m'kansaru kouma.

Ikada, itsukeni m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono, nimuipukute iume. Makoza a mkuwa ayera ndi madzi a ndimu ndi mcere, koma muwatsukuluze msanga ndi kuwapukuta, angabiriwirenso. Mcenga ndi phulusa ziyenera mphika. Pa mphete yongokutidwa golidi pamwamba zipala golidiyo kamodzi, ndipo kunyumba simungathe kumbwezerapo.

Mikanda ya galasi siopa madzi, koma ulusi wace ndiwo uola. Ikanyowa, iyanikeni pamthunzi musanaibweze m'bokosi, ndipo mukaona ulusi uyamba kunyenyeka, itungeninso isanamwazike panjira.