Kukadya ku Lesitilanti Yodula ya Chitaliyana Thumba Lili Lopepuka

Kuitanidwa ku lesitilanti yodula ya Chitaliyana kumabweretsa nkhawa ya ndalama ndi ya manyazi, ndipo zonsezi zili m'kalata ya mayi wina wa ku Dedza amene amasamalira okalamba ku London. Anzawo a kuntchito awaitanira ku phwando la tsiku lobadwa la mnzawo. Mayiwa akuti mayina a zakudya sawadziwa, nkhumba sadya, ndipo malipiro awo ambiri amapita kumudzi kwa ana. Akufunsa ngati n'koyenera kungonama kuti adwala.

Bodzalo lingawapulumutse usiku umodzi wokha, poti anzawo adzawaitananso. Chowathandiza ndi kudziwiratu zimene akakumane nazo.

Chakudya cha Chitaliyana chimabwera m'magawo: toyambira totchedwa antipasti, kenako primo, yomwe ndi pasta kapena mpunga wa risotto, ndiye secondo, nyama kapena nsomba, zotsekemera zotchedwa dolce n'kutsekera. Palibe amene amakakamizidwa kudya zonsezi. Mbale imodzi ya primo ndi yokwanira, ndipo woperekera zakudya sangadabwe. Pasta ikakhala yolimbako pang'ono pakati, sikuti wophika waiphula msanga. Ataliyana amaikonda choncho, amati al dente. Munthu wokulira pa nsima sangasokonezeke ndi polenta, phala lolimba la ufa wa chimanga, kawirikawiri chachikasu, lomwe limadyedwa kwambiri kumpoto kwa Italy.

Pa nkhumba m'pofunika maso, chifukwa imabisala m'mayina. Carbonara amaiphika ndi mazira, tchizi ndi guanciale, nyama ya patsaya la nkhumba yoikidwa mchere. Prosciutto ndi pancetta ndi nkhumba, salami wambiri chimodzimodzi, ndipo ngakhale msuzi wa bolognese nthawi zambiri umakhalamo nkhumba pang'ono. Kufunsa woperekera zakudya si uchimidzi, ndi ntchito yake kuyankha. Carpaccio ilibe nkhumba, koma ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi yodulidwa mopyapyala, yomwe inayambira ku Harry's Bar ku Venice. Amene sanaizolowere aidziwe isanafike patebulo.

Nkhani yaikulu m'kalatayi ndi bilu. Anthu akadya pagulu amakonda kugawana mtengo mofanana, Ataliyana amati alla romana. Izi zimapweteka amene wadya mbale imodzi ndi kumwa madzi, chifukwa chimene chimatupitsa bilu ndi vinyo, ndipo wosamwa amalipirira mabotolo a anzake. Kuwonjezera apo, malesitilanti ambiri a ku London amaikapo 12.5 peresenti ya operekera zakudya, ndipo kawirikawiri mwini phwando salipira, anzake amamusonkhera. Mayi amene akulipirira ana sukulu sakuyenera kuchita manyazi ndi masamu amenewa.

Nthawi yolankhula ndi tsiku lisanafike, osati bilu ili patebulo anthu atatulutsa kale makadi. Mayiwa aone mitengo pa intaneti, asankhiretu mbale yawo, kenako alembere wokonza phwandoyo payekha kuti adzalipira zimene adye, kuphatikizapo gawo lawo la chakudya cha mwini phwando. Akafika, apemphe madzi a pampopi. Ku England malo onse ogulitsa mowa amalamulidwa kuwapereka ulere kwa wowapempha, pomwe a m'botolo amalowa pa bilu.